Tsiku Lobadwa la Mayi Subira

Mwezi uliwonse a Vitalis Namaona, mphunzitsi wa masamu wopuma pa ntchito, ankapalasa njinga kupita ku chipatala cha Nguludi kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Lachiwiri lina mu Okutobala anthu anachuluka pamabenchi, ndipo podikira a Namaona anayamba kuwawerenga. Anakwana 31.

Uphunzitsi unawagwira. Anaimirira, nakonza kukhosi.

"Abale, pano mwina pali awiri obadwa tsiku limodzi, mwezi umodzi. Masamu amati pa magulu khumi ochuluka ngati lathuli, asanu ndi awiri amakhala ndi anthu otere."

"Masiku onse a m'chaka aja?" anaseka a Levi, bambo wa kabaza. "Bodza, aphunzitsi!"

Anthu anatsegula mabuku awo a chipatala n'kumawerenga mokweza masiku awo obadwa. Posakhalitsa anapezeka asanu ndi mmodzi, onse okalamba, onse a pa 1 Januwale. Khonde lonse linafa ndi chikhakhali.

"Ayi, awa sitiwawerengera," anatero a Namaona akupukuta misozi ya kuseka. "Limeneli ndi tsiku limene alembi amapatsa munthu wosadziwa lake."

Mwa otsalawo sipanapezeke ofanana. A Namaona anakhala pansi, kamanyazi katawagwira.

Pambali pawo panali mayi Subira a ku Mpama, ogulitsa usipa, mmodzi wa asanu ndi mmodzi aja. Iwo sanaseke nawo. Ankangosisita buku lawo ndi chala.

"Ndiye kuti langali ndi longondipatsa," anatero motsitsa mawu. "Amayi anga ankangoti ndinabadwa mango akupsa. Zidzukulu zikandifunsa ndimasowa choyankha."

A Namaona anatembenukira kwa mayiwo. Chimwalirireni akazi awo, tsiku lawo lobadwa nalonso linkangodutsa popanda wolitchula.

"Mango amapsa mu Novembala, mayi. Ine ndinabadwa pa 14. Bwanji tigawane limeneli? Ndi lalikulu, litikwana tonse."

"Nanga pa tsikulo munthu amatani?"

"Palibe chachikulu. Anthu amangokuuzani kuti akukondwa kuti mulipo."

Mayi Subira anakonza mpango wawo kumutu, maso ali pansi. Namwino anaitana dzina lawo. Anaimirira, koma asanalowe anabwerera n'kuwapatsa a Namaona buku lija.

"Ndilembereni kuchikutoku, aphunzitsi. Zilembo zikuluzikulu, kuti ana akawerenge okha."

A Namaona anatulutsa cholembera m'thumba la malaya, nalemba pang'onopang'ono monga ankalembera pa bolodi.