Mwana Wapamsana pa Chithunzi

Temwani anali mu Fomu 3 pamene analowa gulu la ophunzira lokumana Lachisanu masana mulaibulale ina pa Dedza Boma. A Kingsley, oyang'anira mabuku, ankawaphunzitsa kufufuza mbiri ya kwawo. Tsiku lina anatsegula katoni ya zithunzi zakale, napatsa aliyense chake kuti akafufuze eni ake.

Cha Temwani chinali cha anthu othawa nkhondo ku Mozambique, atafola kudikira ufa. Kutsogolo kunali mayi wobereka mwana. Kuseri kwake wina analemba kuti: Veronika, Lobi.

Zithunzi sankalola kutuluka nazo, choncho Temwani anachijambula pafoni. Loweruka anakwera kabaza wa ku Lobi. Anafunsa apa, nafunsa apo, mpaka anawapeza a Veronika akumenya nyemba pabwalo, mutu uli mbuu. Atapatsana moni, anafotokoza chimene wadzera n'kuwapatsa foni.

Nkhope yawo pachithunzipo sanayilabadire. Chala chinapita pakamutu kosuzumira pamsana.

"Yeremiya uyu," anatero. "Chikuku chinamutenga dzinja lomwelo. Ndakhala ndikuyesa kukumbukira nkhope yake, osatheka."

Ali chiyang'anire, foni inazima yokha.

"Wapita kuti? Iwe mwana, mubweze!"

Temwani anayatsanso. Mafunso onse amene anakonza anamuthawa. Dzuwa litapendeka anayenera kulanda foniyo m'manja mwa gogoyo, ndipo analonjeza kubwera ndi chithunzi chapapepala.

A Kingsley anamuthandiza kusindikiza china chachikulu bwino. Mayeso anamuchedwetsa, koma atangotsekera sukulu ananyamuka nacho mu envulopu.

Panjira yolowera pakhomo anakumana ndi a Jenifa, mwana wa a Veronika, atasenza ndowa.

"Ndinu aja a foni?"

"Eya, mayi. Ndabwera ndi chithunzi chija."

A Jenifa anatula ndowa pansi. Sanakalipe. "Chichokereni inu, amayi sakudya. Kumunda sapita. Akuti tiwaperekeze kumanda a mwanayo, koma pamalopo anthu analima mbatata kalekale. Tikawaonetsa chiyani? Maliro amenewa anatha ine ndisanabadwe. Pepani, bwererani nacho."

"Ndinawalonjeza."

"Ndikudziwa. Amakufunsani tsiku lililonse."

Kuseri kwa nyumba kunamveka chifuwa cha munthu wokalamba. Temwani anaima pomwepo, osadziwa ngati aitane. A Jenifa anasenzanso ndowa n'kulowa kumpanda, natseka chitseko.

Temwani anatsika phiri wapansi, envulopu ili m'manja. Kabaza wina anamuimira, iye n'kungopukusa mutu.

Sukulu itatsegulira, anzake anawerenga zimene anapeza, wina za msika wa Chimbiya, wina za tchalitchi cha kwawo. Itafika nthawi ya Temwani, anaimirira n'kutchula dzina la mwanayo, kenako n'kukhalanso pansi. A Kingsley anauza enawo kuti apite. Anakoka mpando, nakhala pambali pake, ndipo mtsikanayo analira atagwira kukamwa.