Rauta Yomwe Anasiya Bambo a Mwana

Intaneti ya m'nyumba mwanga inali ndi mtima wa mlamu wansanje: ndikangoti ndakhazikika pantchito, iyo yathawa. Ntchito yanga ndi yoyankha makasitomala a kampani ina yogulitsa zipangizo za m'khitchini, ndipo ndimagwirira pakona pa chipinda chochezera, patebulo lomwe mwendo wake umodzi ndinauchirikiza ndi katoni. Intaneti ikaduka, kasitomala amatsala akulankhula yekha, ine ndili kukamwa yasa kuyang'ana laputopu. Abwana anga, mayi wosakonda kubwereza mawu, anali atandiuza kale kuti ikadzadukanso pakati pa ntchito, malo anga apatsa wina. Ndili ndi mwana wamkazi wapasukulu, ndipo bambo ake tinasiyana. Ntchito imeneyo sindikanalola kuti indipulumuke.

Tsiku lina ndinali woyamba ntchito masana, choncho m'mawa ndinavala zilimbe. Ndinazimitsa rauta, kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumba, n'kuyatsanso. Ndinapukuta fumbi patinyanga take ndi tsache, poti bambo a mwana anaikhomera m'mwamba pafupi ndi denga nthawi yomwe tinkakhala limodzi, ndipo ine Mulungu sanandipatse msinkhu. Kenaka ndinasintha pasiwedi ya waifai monga ndinkachitira kawirikawiri, poganiza kuti anansi ndiwo akundibera.

Ndili mkati mwa zimenezi kunabwera achemwali anga aakulu, omwe sasowa yankho ngakhale pa zinthu zomwe sanazionepo.

"Ndi firijiyi," anatero nditangowauza vuto langa, asanakhale n'komwe pansi. "Kwathunso inkavuta, titasuntha firiji zinatheka."

"Achemwali, kwanu mulibe rauta."

"Ndikunena wailesi. Zonsezi n'zamumphepo, iwe."

Anatulutsa foni yawo yatsopano kuti andionetse zithunzi za zidzukulu, ndipo ndinawalowetsa pa waifai. Tisanamalize n'komwe kuseka chithunzi choyamba, foni yanga inalira. Unali uthenga wochokera kwa bambo a mwana: "Foni yachilendo yalowa m'nyumbamoyo ndi ya ndani?"

Ndinayang'ana pawindo. Pamsewu panalibe munthu, kupatula wogulitsa matsache yemwe ankadutsa. Nditabweza maso pa laputopu, intaneti inali itaduka.

Ndinayamba ndachita mantha, kenaka ukali unabwera n'kuthamangitsa manthawo. Ndinakumbukira kuti masiku onse omwe intaneti inkaduka anali omwe sindinayankhe foni ya bambo a mwana. Ine kumatukwana anansi mumtima, osadziwa kuti munthu ali kutali uko akundizimitsira ngati nyali.

Ndinaimbira kampani ya intaneti. Anayankha mayi wina wa mawu ofatsa, ndipo atatsimikiza kuti akaunti ili m'dzina langa, ndinamufotokozera zonse osabisa.

"Pasiwedi mwakhala mukusinthayo ndi yongolowera pa waifai," anatero. "Rauta ili ndi ina yakeyake, ya mwini. Amene ali nayo amaona foni iliyonse yolowa, ndipo ngati anatsegula zoiyendetsa ali kutali, atha kukutsekerani ali kulikonse. Imeneyo munasinthapo?"

"Sindimadziwa n'komwe kuti iliko."

"Ndiye pali njira imodzi. Kumbuyo kwa rauta kuli kabowo. Mukadina mkatimo ndi kanthu kosongoka, zonse zomwe anaikamo zifufutika. Koma ndikuchenjezeni, mayi: zikafufutika tiyambira pachiyambi, ndipo zikatikanika, amisiri athu sangafike lero."

Achemwali ankamvetsera, ndipo nthabwala zinali zitawathera. "Ingowaimbira bambo akewo, uwapepese, ayatse," anandinong'oneza. "Ugwire ntchito ya lero. Zinazi udzachita mawa."

"Ndipepese chiyani? Kuti m'bale wanga wabwera kudzandiona m'nyumba mwanga?"

Anangodzuka n'kukoka tebulo kufikitsa pakhoma, n'kusanjikapo mpando. "Kwera ndiye. Ukagwa ugwere uko, msana wanga ndi wakale."

Ndinakwera, achemwali atagwira mpando. Kabowoko kanali kakang'ono moti cholembera sichinalowe. Ndinavula ndolo, ndinawongola kawaya kake ndi mano, n'kudina. Ndinagwira chomwecho mpaka timagetsi tonse ta rauta tinathima, kenaka tinayamba kuphethira kamodzikamodzi.

Zotsatira zake zinanditulutsa thukuta. Chingwe cholumikizira laputopu ku rauta chinali chachifupi, choncho ndinakhala pampando pamwamba pa tebulo pomwepo, laputopu pamiyendo, foni nditaipana ndi phewa. Mayi uja ankanditchulira zolemba, ine n'kumalemba. Ulendo woyamba zinakana. Wachiwiri zinakananso, ndipo ndinamva misozi ikubwera, poti nthawi yoyamba ntchito inali itayandikira.

"Musathamange," anatero mayiyo. "Werengani mokweza zomwe mwalemba."

Ndinawerenga. Ndinali nditadumpha chilembo chimodzi chifukwa cha phuma. Nditakonza, kagetsi kofiira kanasanduka kobiriwira, ndipo achemwali anakuwa ngati kuti agoletsa chigoli ndi iwowo.

"Tisanasangalale," anatero mayi uja, "ikani pasiwedi ya mwini yatsopano. Isakhale dzina la mwana kapena tsiku lake lobadwa, poti zimenezo akuzidziwa. Mukatero mupeze polembedwa za kuyendetsa rauta muli kutali, muzimitse."

Ndinaganiza mawu omwe munthu amene ndinakhala naye zaka zonsezo sangawalote, ndipo ndinadabwa kuti sanandivute kupeza. Ndinazimitsa zakutalizo ndi chala changa, ndinasinthanso ya waifai, n'kuthokoza mayiyo mpaka anachita kundidula mwaulemu.

Ndinayamba ntchito ndili ndi ndolo imodzi. Kasitomala woyamba anali bambo wolusa chifukwa ketulo yake inkadontha, ndipo anandikalipira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto popanda liwu limodzi loduka. Sindinasangalalepo chomwecho pokalipiridwa.

Foni yanga inkangowala patebulo masana onse. Itakwana nthawi yopuma ndinaiyankha.

"Mwaitani rauta?" anafunsa bambo a mwana, moni osapereka. "Sindikuona kalikonse kuno."

"Ndaikonza. Inkadukaduka."

"Ndinaika ndine imene ija. Nanga mwana ndizidziwa bwanji kuti wafika kunyumba?"

Ndinawayankha mosapita m'mbali, moti ngakhale achemwali anasiya kutafuna n'kundiyang'ana.

"Mwana ali ndi foni, muzimuimbira. Mukafuna kudziwa amene ali m'nyumba muno, mubwere mugogode, ndipo ndikafuna ndidzatsegula. Pepani, pali kasitomala akundidikira."