Mame Asanaume

M'nkhalango ya U Minh muli lamulo limene wofula uchi aliyense amalidziwa asanaphunzire n'kunola mpeni komwe: moto wofukizira njuchi umayatsidwa mame akadali pamasamba, ndipo dzuwa likangowamwa mamewo, machesi amabwerera m'thumba. Amene amaliyesa lamuloli mwambo wachabe sanaionepo nthaka ya kumeneko m'chilimwe. Nthakayo si dothi ayi. Ndi masamba a mitengo ya tramu amene akhala akugwa ndi kuwolerana kwa zaka zosawerengeka. Ikauma, kakhala kamodzi kokha ka moto kamalowa pansi mwakachetechete n'kumadya nkhalango kuyambira kumizu, eni ake ali kunyumba akumwa tiyi.

A Sau Luom anali atafula uchi m'nkhalangomo zaka makumi atatu. Njuchi zawo sizinali za mumng'oma. Iwo ankakhoma phaso la tramu mopendekeka pakati pa bango, pamalo pamene dzuwa la m'mawa limafika, ndipo njuchi zazikulu zakuthengo zinkabwera zokha kudzamanga chisa kunsi kwake. Anali m'gulu la mabanja khumi ndi limodzi, ndipo pangano la gululo linali losanyengerera: woyatsa moto mame atauma amachotsedwa, mapaso ake n'kugawidwa kwa anzake.

Uchi wa mabanja onsewo unkagulidwa ndi munthu mmodzi, Ut Phuong, mng'ono wa akazi awo a Sau Luom. Mayiyu anali ndi sitolo m'tauni ya Ca Mau, mmene munali zinthu za m'chigawomo zokhazokha: nthochi zouma, nsomba zamchere, ndi chakumwa cha mandimu ndi uchi chimene anthu ankachiimira pamzere kukatentha. Iye asanayambe kugula, mavenda ndiwo ankatchula mtengo, ndipo akautenga uchiwo ankakausakaniza ndi shuga n'kumaugulitsa m'dzina la nkhalangoyo. Ut Phuong anathetsa zimenezo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anatenga uchi wonse, ngakhale wamadzimadzi wa nthawi ya mvula, ndipo pabotolo lililonse ankalembapo dzina la amene anaufula. Munthu wotere sapezeka kawiri, ndipo a Sau Luom ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, umene kumeneko ndi pakati pa chilimwe, dzuwa litakwera kale, a Sau Luom anali pakhonde akusema phaso latsopano. Mnansi wawo, a Tu Ram, amenenso anali a m'gululo, anali pambali pawo akukonza mono wa mikunga. Anangomva boti likubwera ndi liwiro lachilendo m'ngalande, ndipo lisanaime n'komwe Ut Phuong anali atalumphira kumtunda.

"Alamu! Muli moyo, kapena njuchi zinakumalizani?"

"Zikanandimaliza ukanamva kulira kwa achemwali ako uli ku tauni konko," anayankha a Sau Luom.

"Ine ndilire chiyani?" anatero a Nam Hue, akazi awo, akutuluka ndi ketulo ya tiyi. "Ndingalire mapasowo basi. Khala pansi, iwe Ut, wabwera ngati ukuthamangitsidwa."

Koma Ut Phuong sanakhale. Anafotokoza ali chiimire kuti m'mawa womwewo kusitolo kwake kunafika mkulu wogulira zakudya mahotela atatu a ku Can Tho. Analawa uchi, anaukonda, ndipo ananena kuti akufuna zigubu zitatu zodzaza zoti akayesere. Zikakawakomera, adzatenga chaka ndi chaka. Galimoto lake linali loti linyamuke 4 koloko madzulo a tsiku lomwelo.

"Ndili nazo ziwiri. Chatsala chimodzi. Alamu, sabata yatha munandiuza nokha kuti muli ndi zisa zitatu zokhwima ku ngalande yachisanu."

"Zilipo. Ndikazifula mawa m'bandakucha."

"Mawa munthuyo adzakhala ali kwawo. Ndikufuna lero, panopa."

A Sau Luom anayang'ana udzu wa pabwalo. Unali utauma gwa, ndipo nkhuku zinali zitabisala kale kunsi kwa nyumba.

"Mlamu, taona pamene dzuwa lili."

"Ndaliona. Landiotcha njira yonse." Mawu ake anatsika. "Zaka zisanu ndi chimodzi, alamu, ndinakupemphanipo chiyani? Uchi wa mvula uja ndimaugulitsa movutikira, koma ndinaubwezapo? Sitolo yanga ndi yaing'ono, ndatopa kusenza ndekha mabanja khumi ndi limodzi. Lero kwapezeka wondithandiza kusenza, inu mukundiuza za mame?"

Kenaka a Tu Ram anakhosomola, maso ali pa mono wawo.

"Ine maso angawa akalamba, a Sau. Utsi wa masana sindiuona. Ndipo akandifunsa, lero ndinali kumikunga tsiku lonse."

"Inu achimwene, m'mawa uno munaona nkhanu ili tsidya la ngalande," anatero a Nam Hue.

"Nkhanu ndi ndiwo, mlongo wanga. Pa ndiwo maso amatsekuka okha."

Anaseka onse kupatula a Sau Luom. Chiyeso choopsa sichibwera ndi mdani. Chimabwera ndi munthu amene anakuchitira zabwino, ndipo chimapeza anzako atakonzeka kale kutseka maso. Mavenda akanawapempha zomwezo, akanawathamangitsa ndi phaso lomwe ankasemalo. Koma uyu anali mlamu, amene chifukwa cha iye denga la nyumba yawo linali la malata. Akapsa mtima n'kusiya kugula, mabanja onse abwerera m'manja mwa mavenda, ndipo mudzi wonse udzadziwa kuti anaswa mphika ndi Sau Luom.

Anaimirira, natenga mpeni, ndowa, ukonde wophimba kumaso ndi muuni wa makoko a kokonati. Akazi awo anawayang'anitsitsa.

"Amuna anga, mukupita kuti ndi muuniwo?"

"Ndikukaona zisa," anayankha mwachidule.

Analowa m'boti awiriwiri ndi mlamu wawo. Madzi a m'ngalande anali ataphwa kwambiri, ofiira ngati tiyi, ndipo mbali zonse mitengo ya tramu inali itayera ndi maluwa. Atafika pa ngalande yachisanu anamangirira boti n'kuyamba kuyenda. Phazi lililonse linkalira tswatswa pamasamba. A Sau Luom anakumbukira moto wa chaka china ali mnyamata, pamene nthaka inafuka utsi mwezi wathunthu mvula isanabwere. Iwo anaponda pamalo pooneka bwinobwino, mwendo n'kumira m'phulusa lotentha mpaka m'bondo. Chipseracho chinalipobe. Njuchi zinatha zaka zinayi zisanabwerere, ndipo amene anayatsa motowo sanadziwike, ngakhale kuti iye mwini ankadzidziwa.

Anafika pa phaso loyamba. Chisa chinali lende, chachitali ngati chitseko cha kabati, chitakutidwa ndi njuchi zakuda zimene zinkagwedezeka pamodzi ngati nsalu pamphepo. Fungo la uchi linali ponseponse. Ut Phuong, amene anali atagulitsa uchiwu zaka zonsezi koma asanaonepo pamene umachokera, anagwira pakamwa.

"Mayo! Chonsechi?"

"Ichi chokha chikhoza kudzaza theka la chigubu chako," ananong'ona a Sau Luom.

Anatulutsa machesi. Kenaka anawerama, monga ankachitira m'mawa uliwonse, n'kupititsa kuseri kwa dzanja pamasamba a bango. Dzanja linabwerako louma. Anatapa masamba a pansi n'kuwafinya. Anafumbutuka ngati fodya. Anakhala chiweramire kanthawi, kenaka anabweza machesi m'thumba, naika muuni pansi, n'kuyamba kumanga mabatani a malaya mpaka m'khosi.

"Mukutani, alamu?"

"Moto sindiyatsa. Ukhoza kundida, koma sindiyatsa. Uchi wokha ndikupatsa. Bwerera kuboti, ukagone chafufumimba, udzifunditse lona."

"Mukufuna kufula popanda utsi?"

"Ukonde ndili nawo. Ndikachita changu, chisa chimodzi ndidula. Mwina ziwiri."

Aliyense wa m'dera limenelo amadziwa chimene njuchi zimenezi zimachita kwa munthu wozifika popanda utsi. Zimamutsata ngakhale adziponye m'madzi, ndipo zimadikira kuti avuuke. Ut Phuong anawayang'ana alamu ake akukokera ukonde kumaso ndi manja osanjenjemera, ndipo anazindikira kuti sakumuopseza ayi. Munthuyu anali atayeza nkhalango, chibale ndi thupi lake, napeza kuti chimene ali ndi ufulu wochiwononga ndi thupi lokhalo.

Anawagwira dzanja la mpeni ndi manja ake awiri.

"Mwapenga? Ndikawauze chiyani achemwali? Kuti ndawabweretsera uchi ndi mtembo?"

"Paja anena okha kuti sadzalira."

"Musandiseketse, ndakwiya! Bweretsani mpeniwo."

"Nanga munthu wa mahotela uja?"

"Ndati bweretsani!"

Anawalanda mpeni, nauponya m'ndowa, n'kuyamba kubwerera kuboti osatembenuka. Ali m'botimo anaimba foni. A Sau Luom anamumva akufotokoza mwaulemu kuti chigubu chachitatu chipezeka mawa masana, ndi chifukwa chake. Anamvanso mawu a mbali inayo, aafupi ndi ozizira. Mkuluyo sanali munthu woipa. Anali ndi galimoto, nthawi ndi mabwana ake, ndipo anati ngati katundu woyamba yemwe akuperewera, mahotela sangadalire anthu oyendera mame. Ut Phuong anathokoza n'kudula foni.

Atafika pakhomo anakana mpunga ndi nsomba yootcha zimene achemwali ake anakonza, ndipo boti lake linachoka pang'onopang'ono, mosiyana ndi mmene linabwerera.

"Ndiye mwatipha tonse, a Sau," anatero a Tu Ram. Sanali kunyoza, ankanena ngati munthu woona mtambo wa matalala. "Tiyambe kuphunziranso kusekerera mavenda."

A Sau Luom anabwerera pakhonde. Masana onse anasema phaso lawo lija mpaka linaonda kuposa muyezo, ndipo analitaya pa nkhuni. Asaname munthu kuti wochita chilungamo mtima wake umakhala m'malo nthawi yomweyo. Kawirikawiri amene wakana choipa ndiye amadya mpunga wosakoma tsiku limenelo.

Kum'mawa kutangoyamba kuyera, a Sau Luom anatsikira kungalande ndi muuni wawo, pakuti zisa zokhwima sizidikira kuti mitima ya anthu ikhale pansi. Akumasula chingwe, anamva injini. Boti linatulukira mu nkhungu, ndipo kutsogolo kwake kunali zigubu zopanda kanthu, osati chimodzi koma zinayi. Ut Phuong anatsika, atavala nsapato zamphira ndi malaya a amuna ake. Mosapereka moni anapita pa bango la m'mphepete, napititsapo mkono, n'kuwaonetsa malaya atanyowa.

"Awa si mame? Mukudikiranso chiyani, alamu? Kapena lero muti mwezi sunakhale bwino?"

"Munthu wako uja?"

"Anapita. Ndamva kuti anagula kwina pamsewu, uchi wonyezimira bwino, wosatha chaka chonse. Njuchi zake ziyenera kuti zimagwira ntchito ku fakitale ya shuga."

"Nanga zigubu zonsezi upita nazo kuti?"

"Komwe ndakhala ndikupita nazo. Ndigulitsa kapu imodziimodzi ngati kale, msana ukapweteka ndidzabwera kuti achemwali andisisite." Anakhala pathabwa la boti. "Dzulo ndinakwiya mpaka pa mlatho wa msika. Kenaka ndinaganiza kuti pabotolo ndimalemba dzina lanu, ndipo anthu amagula dzinalo. Mukanayatsa, ndikanamagulitsa chiyani? Kauzeni a Tu Ram adzuke, naonso ali ndi zisa. Muwauze kuti kuli nkhanu, maso atsekuka."

Dzuwa lisanatuluke anali pa phaso lija. Masamba anali chinyezi chokhachokha, ndipo mapazi sankamvekanso. A Sau Luom anayatsa muuni, utsi woyera unakwera, njuchi zinanyamuka ndi mkokomo n'kusiya chisa poyera. Anadula mbali ya kumtunda, yolemera ndi uchi, koma mbali ya ana a njuchi sanaikhudze, ndipo anasiyanso kachigawo ka uchi m'mphepete mwa phaso.

"Aa, alamu! Dzulo mwandimana, lero mukusiyanso wina?"

"Eni ake adye chiyani? Ukawasiyira, pakatha milungu itatu amakuitananso. Ukakomba zonse, amasamuka osatsanzika."

Ut Phuong anatola kachidutswa ka chisa m'ndowa, nakaika m'kamwa, ndipo sanatsutse. Njuchi imodzi yotsalira inamuluma pakhutu, iye n'kuitukwana mawu amene achemwali ake sakanawalola pakhomo.

Anamaliza zisa zitatu zonse dzuwa likungofika pansonga za mitengo. Pobwerera, a Sau Luom anamiza muuni m'ngalande mpaka unaleka kulira, anaufinya ndi manja, naumizanso kachiwiri. Mlamu wawo anadikira osawafulumiza, chigubu chili pamiyendo, ngakhale kuti ku tauni sitolo inali isanatsekulidwe ndipo ogula mandimu ndi uchi anali atayamba kale kusonkhana pakhomo.