Liwu Limene Linawatsalira a Amílcar

Chidwalireni sitiroko, amuna anga a Amílcar anatsala ndi liwu limodzi lokha pakamwa. Pa mawu onse a dziko lino, linatsala liwu la Chipwitikizi lomwe ndinkadana nalo: ramerrão.

Kwathu kuno ku Montijo timatero pamene lero likungofanana ndi dzulo, dzulo ndi dzana. Si zoipa, si zabwino, ndi zomwezomwezo basi mpaka zimakukwana. Munthu sanena ramerrão pamaliro kapena paukwati. Amalinena akafunsidwa za moyo n'kupeza kuti palibe chatsopano choti afotokoze. A Amílcar anakalambira pa makina oboola makungwa, kupanga zotsekera mabotolo a vinyo, ndipo madzulo ndikati, "Kuntchito kunali bwanji?" ankangokweza mapewa: "Ramerrão, Deolinda." Iwo ankati liwulo linachokera kwa ana a sukulu akale amene ankaloweza zilembo mokuwa tsiku lonse. Ine ndinkati linachokera kwa amuna aulesi pakamwa.

Ndiye atadwala linangokhala lomwelo. Ndikawafunsa m'mawa kuti adzuka bwanji, ramerrão. Mtsikana wa kuchipatala wophunzitsa odwala kuyankhula ankabwera ndi zithunzi. Akawaonetsa galu, ramerrão. Supuni, ramerrão. Mtsikanayo anatiuza kuti zimachitika ndithu, liwu limodzi limakakamira palilime, nthawi zina mwini wake osadziwa chomwe akunena.

Ine ndinatopa. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuchapa zofunda, kuphwanya mbatatesi mu supu, kuwapukuta chibwano, mawa kuyambiranso. Msana unkandiwawa ngati ndagona pamiyala. Masiku ena ndinkawayankha mwaukali kuti, "Ndamva kale, bambo, pezani lina!" Iwo ankangondiyang'ana.

Mwana wathu Graciete amakhala kutsidya la mtsinje, ku Lisbon. Lamlungu lina anabwera ndi nkhani yake atakonzeratu.

"Amayi, mukapitiriza chonchi mutsogola ndinu kumanda. Malo apezeka kunyumba yosamalira okalamba. Adadi sakudziwa n'komwe kuti ali kuti. Pano kapena uko, kwa iwo n'chimodzimodzi."

"Iwe, usayankhule ngati bambo ako ndi kabati yofunika kuisuntha."

"Chabwino, onani nokha. Adadi, ndine ndani ine?"

"Ramerrão."

"Mwamvatu, amayi?"

Ndinamva. Funso lomwe linkandidya linali limenelo: mkatimo muli munthu, kapena mwatsala thupi lokha? Ngati akudziwa, kuwachotsa m'nyumba mwawo n'kuwapha. Ngati sakudziwa, ndikudziphera chiyani ine? Ndinavomera kuti apite, ndipo mtima unandipepuka.

M'mawa wa tsiku lowapititsa ndinalongedza sutikesi: malaya a kutchalitchi, lezala, chipewa chawo chakuda. Ndinawakhazika pa chikuku, ndinawapesa, n'kuwaveka nsapato. Chidwalireni anali asanavalepo nsapato, ankangokhalira masilipasi. Graciete anaimika galimoto pakhomo osazimitsa, kuopa kuti ndisintha maganizo.

Pakamwa pozolowera sipachedwa. Ndikumanga zingwe za nsapato ndinangofunsa monga mwa masiku onse, "Mwadzuka bwanji, bambo?"

Zii.

Ndinadzutsa mutu. A Amílcar ankayang'ana nsapatozo, kenako sutikesi, kenako ine. Milomo inatseguka, "Ra..." n'kuitseka mwamphamvu. Liwu lija linkafuna kutuluka lokha monga linazolowera, iwo n'kumalibweza. Nsagwada zinkanjenjemera, thukuta linatuluka pamphumi, mtsempha wa pakhosi unatupa. Munthu amene sankatha kugwira supuni anali kulimbana ndi lilime lake lomwe.

Graciete analowa mofulumira.

"Tachedwa, amayi. Adadi, zikuyenda bwanji lero?"

Anamuyang'ana mwana wawo, milomo ili yolumana, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

"Angotopa awa," anatero Graciete, koma mawu ake anali atachepa.

"Kazimitse galimoto."

"Amayi, tinagwirizana kale."

"Ndati kazimitse! Liwu lija salinena tsiku ngati la lero. Lero silikufanana ndi dzulo, ndipo bambo ako akudziwa. Chipwitikizi amachidziwa kuposa iwe ndi sukulu zakozo."

Graciete anakhala pa mpando wa kukhitchini n'kuyamba kulira. Ine sindinalire, ndinakwiya. Ndinakwiyira mtsikana wa zithunzi uja, ndinakwiyira msana wanga, ndinakwiyiranso a Amílcar, amene moyo wawo wonse anandimana nkhani, lero n'kudzandiuza zonse ndi pakamwa potseka, pamene ndinali nditayamba kale kulawa mpumulo. Ndinawavula nsapato, ndinabweza malaya mu kabati, chipewa ndinachikoleka pa msomali wake. Graciete anabwerera ku Lisbon yekha.

Kutacha ndinapeza zofunda zanyowanso. Ndinatenthetsa madzi, ndinatenga sopo ndi thaulo, msana ukundikumbutsa kuti palibe chasintha. Ndinaima pambali pa bedi kanthawi ndisanafunse, chifukwa tsopano ndinkadziwa kuti yankho lake si phokoso chabe.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Anayang'ana masilipasi awo pansi, pamalo pake pa masiku onse. Anakweza phewa limodzi lomwe likugwirabe ntchito.

"Ramerrão."

"Mukunena zoona," ndinatero. "Tukulani mkono ndikusambitseni."