Mabuleki a Matabwa

Kalata yotseka shedi ya Ghislaine Perrot inafika Lolemba, yolembedwa mwaulemu wodabwitsa. Inati pakutha kwa mwezi, mabogi onse a sitima za pansi pa nthaka pa njanji imene shediyo inkatumikira mu Paris adzaikidwa mabuleki atsopano a kufakitale, ndipo akalipentala asanu a m'shedimo adzapatsidwa "ntchito zina". Ghislaine sanafune womumasulira. Ntchito zinazo kunali kugwira tsache.

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mayiyu ankacheka matabwa, kuwasema, kuwaviika m'mafuta a mtedza ndi kuwayanika. Thabwa lotero likakanikiza gudumu lachitsulo, sitima imaima. Anthu okwera m'mabogimo, maso ali pa foni, sankadziwa n'komwe kuti chowaimitsa pa siteshoni ndi kathabwa konunkhira mtedza wokazinga.

Mwini nzeru zatsopanozo anali injiniya Thibault Caron, munthu wabwinobwino, kungoti ankakhulupirira pepala kuposa maso ake. Anali atayesa mabuleki akewo pa sitima yopanda anthu, manambala n'kutuluka okongola.

Ghislaine anakwera kwa bwana wamkulu, Mayi Delorme, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Sanapite kukapempha chifundo. Anangofunsa kuti poyesapo sitimayo inaima kangati, ndipo atamva kuti kasanu, anaseka osabisa.

"Kasanu, bwana? Yathuyi imaimaima osapuma n'komwe, tsiku lonse, itadzaza tho. Tipatseni sabata imodzi, sitima ziwiri, ina ya mabuleki awo ina ya matabwa athu. Zawozo zikapambana, makiyi a shedi ndidzabweretsa ndekha."

Mayi Delorme anavomera, mwina pongofuna kuti utuchi usiye kuyoyokera pa kapeti yawo.

Kukamwa Ghislaine anali wolimba, koma mumtima anali ndi mantha. Nanga akanakhala kuti a Caron akunena zoona? Lachitatu masana, dalaivala wina dzina lake Yacine anadzamwa khofi m'shedimo n'kuwauza kuti sitima ya mabuleki atsopano ija ikamaima ikulira ngati mphaka wopondedwa mchira, moti agogo ena anamuopseza ndi ambulera pa zenera. Onse anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ghislaine anaseka nawo pang'ono chabe, podziwa kuti phokoso lokha silingawapulumutse. Mabwana sakwera sitima.

Lachisanu sitima zonse ziwiri anaziimika pamwamba pa dzenje lomwe amakaniko amalowamo poona kunsi kwa mabogi. Mayi Delorme anatsikamo ndi nsapato zawo zosongoka, a Caron ali pambuyo ndi tochi ndi mapepala. Injiniyayo anayamba kuwerenga kuti mabuleki ake aperepeseka pang'ono kwambiri, pomwe matabwa adyeka ndithu. Zinali zoona, ndipo Ghislaine sanatsutse.

"Bwana, vulani golovesi, mugwire gudumu ili," Ghislaine anauza Mayi Delorme.

Mayi Delorme anayendetsa chala pa gudumu la sitima ya mabuleki atsopano. Linali ndi mizere yokumbika, ndipo chala chinabwera chakuda bii. Anapita pa sitima ya matabwa. Gudumu lake linali see, ngati mbale yotsukidwa kumene.

"Thabwa limalola kudyeka kuti gudumu litsale," anatero Ghislaine. "Thabwa timalisintha khofi asanazizire. Nanga gudumu, a Caron, mumalisintha masiku angati, bogi litangokhala?"

A Caron anagwira magudumu onse awiri, kenako n'kuwagwiranso. Makutu awo anafiira. Pomaliza anapinda mapepala awo n'kuvomera pamaso pa bwana kuti iwo anayesa mabuleki okha, za magudumu sanaziganizire. Ghislaine anawalemekeza chifukwa cha mawu amenewo. Ali m'dzenje momwemo, Mayi Delorme ananena kuti shedi sitsekedwa, ndipo matabwa ayambe kupitanso ku njanji ina yoyandikana ndi yawo.

Ghislaine anachoka akuyenda mwaulemu, koma atangokhota pa ngodya, mayi wa zaka makumi asanu ndi zinayi analiyatsa liwiro. Chimwemwe chinali chitamudzaza mpaka pakhosi. M'shedi anapeza anzake anayi atakhala pa makatoni, zida atalongedza kale, osayembekezera chabwino chilichonse.

"Mwakhaliranji, alesi inu? Masulani makatoniwo. Ndipo wina aitanitse mafuta, migolo iwiri sikwananso."

Fernand, wamkulu pa onsewo, amene anamuphunzitsa Ghislaine kugwira macheka, anadzuka kuti atsegule katoni yake. Mpeni unamupulumuka kawiri, ndipo anangoima pomwepo akuseka, misozi ili mbwembwembwe.