Nthambi Zisanu za Mpesa

Tsiku lomwe anthu a ku Nsadzo, ku Mozambique, ankathawa nkhondo, mu 1986, Feliciana anakwiya ndi amuna ake, a Estêvão. Anzawo anasenza chimanga, koma a Estêvão anakulunga nthambi zisanu za mpesa wa ku mishoni m'chiguduli chonyowa.

Asanafike m'malire a Zambia, anakumana ndi amuna a mfuti.

"Madala, mwabisa chiyani umo?" anafunsa mkulu wawo.

A Estêvão anamasula chigudulicho modekha. "Ndi mpesa, a komandante. Padiri, wansembe amene anatiphunzitsa, ankati Aroma akale anali ndi mulungu wa vinyo, dzina lake Baku. Ameneyo ankayenda dziko ndi dziko kuphunzitsa anthu kubzala mtengowu. Achifwamba atamumanga m'ngalawa, zingwe zinamasuka zokha, mpesa n'kuyanga ngalawa yonse."

Mkuluyo anati kwawo ku Angónia bambo ake analinso nawo mtengo wotere. Anapempha nthambi imodzi, n'kuwalozera njira yopanda mabomba.

Pa zaka makumi awiri za ukwati wawo, Feliciana anali asanamvepo amuna akewo akulankhula mopanda mantha chonchi. Onse anaoloka malire dzuwa lisanalowe.