Nkhope ya Pansi pa Mpango Woyera

Haji Shaaban sanamwe khofi uja. Anangogwira kakapu m'manja, maso ali pa chithunzi chimene chinali pakhoma, pamwamba pa mpando wa malemu Ezzat.

"Maso awa," anatero mkuluyo, "ndimangoona ngati ndinawaonapo penapake."

Tahany, mwana wamkazi wa malemuyo, anali ataima pakhomo la chipinda cha amuna, thireyi ili m'manja. Linali tsiku lachitatu la maliro. Pachithunzipo panali Mlonda wa Madenga, ngwazi imene abambo ake anaijambula m'magazini sabata iliyonse kwa zaka makumi atatu: munthu wa mwinjiro wodumpha madenga, nkhope yonse yokulungidwa ndi mpango woyera, kungotsala maso. Ana a ku Shubra, dera lawo la mumzindamo, anakula akudzikulunga matawulo kumaso ndi kuthyoka miyendo chifukwa cha iyeyo.

"Ndi maso a m'mutu mwa abambo basi, Haji," anayankha Medhat, mlongo wake wa Tahany, akuseka kuseka kwa munthu wofuna kukondedwa.

"Wojambula aliyense amaonera penapake, mwananga." Haji anaika kakapu pansi. "Galimoto ya kampani ya filimu ibwera ikatha swala ya madzulo ku mzikiti. Mapepala onse a dzanja la abambo ako, osasiya ngakhale limodzi. Anyamata athu akawaunika ndi makina, kamzere kalikonse kaoneke."

Atatuluka, Tahany anamukokera mlongo wake kukhitchini.

"Walonjeza chiyani iwe?"

"Chimene abambo anayamba okha. Si anasaina okha kuti Mlonda akhale filimu?"

"Anasaina nkhani. Mapepala anakana. Kanayi konse anakana."

"Abambo ankakana ngakhale mankhwala, Tahany. Anthu aja akufuna dzina la abambo limveke dziko lonse. Apeza kale woti akhale Mlonda, chimnyamata cha zifuwa. Akumupatsa njinga yamoto, mfuti ziwiri, ndi chibwenzi. Madenga athu a nkhundawa akuti ndi auve, ndiye azidumpha nyumba zagalasi."

"Nanga mpango?"

"Auvula pasanathe mphindi khumi. Akuti palibe amene angagule tikiti kuti akaone nsalu."

"Ngati asintha zonse, mapepala a abambo akuwafuniranji?"

Funsoli linali lisanamufikepo Medhat m'mutu. Ndi mmene analili mwanayo kuyambira ali wamng'ono: munthu akangomutchula kuti bwana, nzeru zimapita kokayenda.

Za Haji Shaaban, Shubra yense ankazidziwa. Zaka makumi awiri zapitazo nyumba yake yosanja inagwa n'kupha anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Analoledwa kumanga nsanjika zisanu, iye anamanga zisanu ndi zinayi. Mapepala oonetsa zimenezi anasowa ku ofesi ya zilolezo, kenako anapezeka pa tebulo la woimira boma pa milandu. Mwezi womwewo, m'magazini, Mlonda wa Madenga anaba mapepala onga omwewo m'kabati ya womanga nyumba wakuba. Haji anakhala zaka zisanu ndi ziwiri m'ndende. Anatuluka ali wolemera kuposa kale, ndipo mlembi wina amene ankamukayikira anapezeka atafa m'ngalande. Lero ndi iye amene anali kuthira ndalama mu filimu ya Mlonda, ndipo anthu ankati wakhululuka.

Tahany anakwera padenga, ku kachipinda kojambulira. Abambo ake sankalola munthu kulowamo. Ngakhale tiyi ankasiyidwa pakhomo. Munali fungo la inki ndi la nkhunda. Makatoni anasanjidwa mpaka kumwamba, lililonse ndi chaka chake. Anatsegula limodzi n'kusolola pepala.

Ankadziwa kuti abambo ake ankayamba ndi pensulo ya buluu wotuwa, imene makina osindikizira a nthawi imeneyo sankaiona, kenako n'kudutsamo ndi inki yakuda. Ojambula onse akale ankatero. Chimene sankadziwa n'chakuti mkati mwa mpango, mmene m'magazini munkangooneka moyera, munali nkhope yonse. Mphuno, milomo, kadontho pansi pa tsaya lamanzere.

Anasolola pepala lina, kenako lina. Anatsegula katoni ya zaka khumi pambuyo pake: nkhope yomweyo, masaya atadzaza pang'ono. Katoni yomaliza: makwinya m'mbali mwa pakamwa. Mlonda wa Madenga sanakalambe m'maso mwa owerenga, koma pansi pa mpango anali akukalamba sabata ndi sabata.

"Tseka chitseko, nkhunda zilowa."

Amayi ake, a Afaf, anali ataima pakhomo mu zovala zakuda, akupuma movutika ndi masitepe. Kadontho kaja kanali pomwepo, pansi pa tsaya lamanzere.

"Amayi, ndinu."

"Ndine. Lachiwiri lililonse ndinkakhala pampando uwo, inu muli kusukulu. Ankati sangamange mpango pa mutu wopanda munthu, umaoneka ngati mtolo wa zochapa." Anakhala pansi pang'onopang'ono. "Amene unamupatsa khofi uja, wabwerera chiyani?"

"Akuti maso akuwadziwa."

"Akuwadziwadi. Ndinkataipa ku ofesi ya zilolezo usanayambe kuvala nsapato zazitali iwe. Tinali akazi makumi anayi. Iye ankabwera ndi maenvulopu, ine ndinamubwezera yake pamaso pa anthu. Kumeneko ndinali Afaf Ragab. Kuno ndine amake Medhat, ndipo mwamuna wachilendo salowa ku chipinda cha akazi. Mkazi wa Ezzat sanamuonepo. Koma akangoona pepala limodzi mwa awa…"

"Mapepala a ku ofesi aja munatulutsa ndinu?"

"Pansi pa diresi. Munali mwana wa miyezi itatu mwa anthu anafa aja, Tahany."

Tahany anasuzumira pazenera. Pansi, pafupi ndi wogulitsa nyemba, panali galimoto yakuda imene m'mawa panalibe. Munali amuna awiri, ndipo sankadya kanthu.

"Tikana. Kapena tiwotcha zonse."

"Ukakana, wamuuza kuti muli chinthu. Ukawotcha, wamuuza mokweza. Mapepala apite onse, aone inki yake, akhute." A Afaf analoza tebulo ndi chibwano. "Tsegula dirowa yapansi."

Munali malabala. Oyera, atsopano, makumi angapo, ali m'mapepala awo a m'sitolo. Limodzi lokha linali lotsegulidwa, kona imodzi itadyeka pang'ono. Pansi pake panali pepala loyamba penipeni la Mlonda wa Madenga, la chaka chimene anakwatirana. Mtsikana wa pansi pa mpango anali akumwetulira, koma khutu lamanja kunalibe. Pamalo pake pepala linali loyera.

"Abambo ako anawagula tsiku limene anamva amene akuthira ndalama mu filimuyo," anatero a Afaf. "Anati, ndikufufuta lero, amake Medhat, usadandaule. Anakwera m'mawa, anatsika dzuwa litapendeka, maso ali psuu. Ndinamufunsa, wamaliza angati? Anati khutu limodzi. Miyezi isanu wakhala akukwera kuno ndi labala lomwelo. Chitsiru cha mwamuna." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango wawo.

Pamasitepe panamveka mapazi. Anali Medhat, foni ili m'manja.

"Akuti galimoto ifika msanga, tiyambe kutsitsa makatoni. Mukutani kuno, amayi? Azakhali akukufunani pansi."

Tahany anangomupatsa pepala lija. Medhat analiyang'ana, anayang'ana amayi ake, analiyang'ananso. Nkhope yake inatsika ngati mtanda wosafufuma.

"Haji anati maso…"

"Eya, bwana," anatero Tahany. "Ndiye uimbe foni. Uwauze kuti amayi akomoka, kuti kiyi wasowa, chilichonse. Bodza umalitha. Utigulire mpaka mawa masana."

"Alipo angati mapepalawa?"

"Kuposa chikwi."

Medhat anatuluka kukaimba. Anamumva akuseka kuseka kwake kuja, ndipo kwa nthawi yoyamba Tahany anathokoza Mulungu chifukwa cha kusekako. Medhat atabwerera anatseka chitseko, anavula jekete, anakhala pansi n'kung'amba pepala la labala latsopano.

Tahany anayamba ndi katoni ya chaka chatha. Buluu ankachoka mosavuta, ndipo zimenezo ndi zimene zinamupweteka kwambiri: kukhula katatu kokha, milomo ya amayi ake yatha, kwatsala nsalu yoyera ndi maso a inki. Abambo ake sanasiye chithunzi china chilichonse cha mkazi wawo. Zonse zinali umu.

Mzikiti wa pakona unayamba kuitanira swala. Pansi, injini ya galimoto yakuda ija inalira, koma galimotoyo siinasunthe.

A Afaf anatenga pepala loyamba lija n'kuliika pamiyendo. Analiyang'ana nthawi yaitali mtsikana wa khutu limodziyo. Kenako anatambasula dzanja, anadutsa malabala onse atsopano, natola la kona yodyeka lija.

"Ili ndimaliza ndekha," anatero. "Iye sakanatha."